KODI CHAKUDYA CHOGWA PANSI CHIDYEDWE?

Phunziro la zaumoyo wa pabanja

M'chigwa cha Domasi, kumunsi kwa phiri la Malosa ndi la Zomba, dzuwa likafika paliwombo mabanja ambiri amakhala pakhonde kapena pamthunzi wa mango. Mayi waomola nsima, wayala mphasa, ndipo ana azungulira mbale. Tsono kamwana ka zaka 2, m'mene kalikukweza mbamu kukamwa, mbamu ija ipulumuka nigwa padothi. Mkulu wake aitola msanga, aiuzira mpweya, aipukuta pamalaya, naibwezera m'dzanja la mng'ono wake. Palibe wodabwa, pakuti zotere zimachitika tsiku ndi tsiku, ndipo wina akafunsa, yankho limakhala lakuti, "Siinakhalitse pansi," kapena, "Dothi silipha munthu."

Nkhaniyi ioneka ngati yaing'ono, koma mkati mwake muli zinthu ziwiri zolemera. Choyamba ndicho chakudya, chimene chimapezeka ndi thukuta, ndipo sichiyenera kutayidwa chabe. Chachiwiri ndiwo moyo wa mwana, umene suli ndi mtengo wake. Phunziro lino lifotokoza chimene chimachitika chakudya chikakhudza pansi, zimene akatswiri adapeza atayesa, ndi m'mene banja lingasungire zonse ziwiri, chakudya ndi moyo.

I. FUNSO LAKALE

Kuphunzitsa ukhondo si chinthu chachilendo ku Domasi. M'chaka cha 1929 Boma la Nyasaland lidatsegula kumeneko sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankabwera pamodzi ndi akazi awo. Amuna ankaphunzira kayendetsedwe ka masukulu a m'midzi, ndipo akazi ankaphunzira kuphika, kusoka, kulera ana ndi kusamala nyumba, kuti pobwerera kwawo akakhale chitsanzo kwa anzawo. Kuyambira 1949 chigwa chomwecho chidasankhidwanso kukhala malo oyeserapo ntchito za chitukuko cha m'midzi. Kotero agogo ambiri a kumeneko adamva kale za chimbudzi, thandala ndi dzala. Komabe mwambo wotola chakudya pansi ndi kuchiuzira sudathe.

Ndipo asaganize munthu kuti mwambowu ndi wa ku Malawi kokha. Ku America ndi ku England anthu ali ndi chikhulupiriro chimene amachitcha lamulo la masekondi 5. Iwo amati chakudya chikatoledwa masekondi 5 asanakwane, tizirombo timakhala tisanakwerepo. M'chaka cha 2014 akatswiri a pa yunivesite ya Aston ku Birmingham adafunsa anthu za nkhaniyi, ndipo 87 mwa 100 alionse adavomera kuti angadye, kapena adadyapo kale, chakudya chogwa pansi. Chikhulupiriro cha Mzungu ndi cha mayi wa ku Songani ndi chimodzimodzi: onse akhulupirira kuti liwiro la dzanja lipambana liwiro la tizirombo.

II. CHIMENE DISO SILIONA

Munthu akauzira chakudya, amachotsa mchenga ndi tizinyalala timene diso liona. Koma chimene chimadwalitsa sindicho mchenga ayi. M'zaka za m'ma 1670, munthu wina wa ku Delft m'dziko la Holland, dzina lake Antonie van Leeuwenhoek, adayang'ana dontho la madzi ndi galasi lokuza zinthu, naonamo tamoyo tosawerengeka tilikusambira. Patapita zaka 200, Louis Pasteur wa ku France ndi Robert Koch wa ku Germany adatsimikiza kuti tina mwa tamoyo timeneti ndito timayambitsa matenda. Tizirombo timeneti n'tating'ono kwambiri, kotero kuti 1,000 titandanda pamzere tingakwane pa milimita imodzi kapena ziwiri zokha. Mpweya wa pakamwa sungatichotse, ndipo kupukuta pachitenje kungowonjezerapo tina tochokera ku chitenjecho.

Kunena zoona, tizirombo tambiri ta m'dothi sitivulaza munthu. Toopsa ndi timene timachokera m'matumbo a anthu ndi a nyama. Timafika pansi pa nyumba ndi pabwalo mwa njira zodziwika bwino: zitosi za nkhuku ndi abakha, ndowe za mbuzi, chimbudzi cha ana aang'ono chimene sichinawoledwe msanga, mapazi ndi nsapato za munthu wochokera kuchimbudzi, ntchentche, mphemvu ndi makoswe. M'zitosi za nkhuku mumapezeka kawirikawiri tizirombo totchedwa Campylobacter ndi Salmonella, timene timatsegula m'mimba. M'chimbudzi cha munthu wodwala mungakhale tizirombo ta kamwazi, ta taifodi, ta kolera, ndi mazira a njoka zam'mimba.

Ndipo sikufunika tizirombo tambiri kuti munthu adwale. Ta kamwazi, totchedwa Shigella, tingagwetse munthu tili 10 kapena 100 chabe. Tina tikafika pachakudya chofunda ndi chonyowa timaswana mofulumira, kamodzi kugawika pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Wodziwa masamu awerenge yekha: kachirombo kamodzi kolowa m'phala m'mawa kangabale toposa 2,000,000 pakutha pa maola 7. Chifukwa chake nsomba imene yagwa pansi nibwezedwa mumphika wozizira, kuti idyedwe madzulo, ingaipitse ndiwo za banja lonse.

III. ZIMENE AKATSWIRI ADAPEZA

Lamulo la masekondi 5 lidayesedwa kangapo, ndipo mayeso 3 ndiwo odziwika koposa.

Oyamba adachitika m'chaka cha 2003. Mtsikana wa sukulu ya sekondale, Jillian Clarke, adapatsidwa mwayi wogwira ntchito kanthawi pa yunivesite ya Illinois ku America. Iye adapaka tizirombo totchedwa E. coli pamatailosi, nagwetserapo masiwiti ndi mabisiketi, ndipo adaona kuti tizirombo tidakwera pachakudya masekondi 5 asanapitirire. Koma adapezanso china chofunika kuchikumbukira: atayeza pansi pa nyumba za yunivesiteyo, pamene pankakolopedwa ndi kukhala pouma, adapeza tizirombo tochepa kwambiri.

Achiwiri adafalitsidwa m'chaka cha 2007 ndi Paul Dawson ndi anzake a pa yunivesite ya Clemson. Iwo adathira Salmonella pamatailosi, pathabwa ndi pakapeti. Adapeza kuti tizirombo tina tidakhalabe ndi moyo pamalo ouma kufikira masabata 4, ndi kuti nyama yogwera pamatailosi idatola pafupifupi tonse timene tidali pamalo pamene idagwerapo m'masekondi 5 okha. Phunziro lake n'lakuti malo ooneka ouma ndi oyera angasungebe matenda a masiku apitawo.

Achitatu, amene ali aakulu koposa, adachitidwa ndi Donald Schaffner ndi Robyn Miranda a pa yunivesite ya Rutgers, nafalitsidwa m'chaka cha 2016. Iwo adatenga zakudya za mitundu 4: vwende, buledi, buledi wopaka batala, ndi masiwiti. Adazigwetsa pamalo a mitundu 4: chitsulo, matailosi, thabwa ndi kapeti. Zina adazitola sekondi imodzi isanathe, zina patapita masekondi 5, zina 30, zina 300. Mayeso onse pamodzi adakwana 2,560. Zotsatira zake zidali izi: tizirombo tingakwere pachakudya sekondi imodzi isanakwane; chakudya chikakhalitsa pansi kawirikawiri chimatola tambiri; koma chinthu chachikulu kuposa nthawi ndicho chinyontho. Vwende lidatola tizirombo tochuluka kuposa zonse, masiwiti ouma adatola tochepa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: tizirombo tilibe miyendo yoti tikwerere pachakudya, koma timatengedwa ndi madzi.

Tsono mayeso onsewa aphunzitsa zinthu 3. Choyamba, palibe nthawi yachisomo imene tizirombo timadikira. Chachiwiri, chakudya chonyowa chili pangozi kuposa chouma. Chachitatu, funso lalikulu silakuti chakudya chakhala pansi nthawi yotani, koma lakuti chagwera pati.

IV. PANSI PA DOTHI

Mayeso onse aja adachitika pamatailosi, pathabwa, pachitsulo ndi pakapeti. Koma nyumba zambiri za m'midzi ya Malawi, ndi za m'chigwa cha Domasi zomwe, pansi pake ndi padothi lozira. Khitchini ndi bwalo ndi zadothinso, ndipo nkhuku zimayenda paliponse. Malo otere sakolopeka ndi sopo, ndipo nyengo ya dzinja amakhala achinyontho. Nanga za malo amenewa zidziwika zotani?

M'chaka cha 2013 Francis Ngure ndi anzake adafalitsa zimene adaona m'midzi ya ku Zimbabwe. Adakhala pansi kuyang'anitsitsa makanda 23 pamodzi ndi owalera, maola 130 onse pamodzi, nalemba chilichonse cholowa m'kamwa mwa ana. Adaona ana 3 alikudya dothi, ndi ana 2 alikudya zitosi za nkhuku. Atayeza dothi la pabwalo ndi la m'khitchini adapezamo tizirombo ta m'matumbo, ndipo m'zitosi mudali tochuluka koopsa. Midzi imeneyo siisiyana kwenikweni ndi midzi ya kwa Malemia.

Pali mdani winanso amene dothi limamsunga, ndiye njoka zam'mimba. Njoka yaikazi ya mtundu wotchedwa Ascaris imaikira mazira okwana ngati 200,000 tsiku limodzi. Mazirawo amatuluka ndi chimbudzi, nakhwima m'dothi patapita masabata angapo, ndipo chifukwa cha chikamba chake cholimba angakhale amoyo m'dothi lachinyontho zaka zingapo. Mwana akawameza pamodzi ndi mbatata yogwa pansi, amaswa m'matumbo. Tiana take timayenda ndi magazi kufika kumapapo, timakwera kummero, timamezedwanso, ndipo pakatha miyezi 2 kapena 3 timasanduka njoka zimene zingatalike kufikira masentimita 35. Njokazo zimadya chakudya cha mwana, iye natsala wowonda, wotupa mimba ndi wosachangamuka m'kalasi. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, lidawerengera kuti anthu okwana ngati 1.5 biliyoni ali ndi njoka zotengedwa kudothi.

Umboni wina udachokera ku Mexico. M'chaka cha 2000 boma la chigawo cha Coahuila lidayamba ntchito yotchedwa Piso Firme, yothira simenti pansi pa nyumba za anthu osauka. Akatswiri adayerekeza ana a m'nyumba zimenezo ndi ana a m'dera loyandikana nalo kumene ntchitoyo idali isanafike, nafalitsa zotsatira mu 2009. Adawerengera kuti nyumba yonse ikathiridwa simenti m'malo mwa dothi, matenda a njoka ndi tizirombo tina ta m'matumbo mwa ana aang'ono amachepa ndi 78 pa 100, kutsegula m'mimba ndi 49 pa 100, ndipo kuchepa magazi ndi 81 pa 100. Mabanja aja sadapatsidwe chakudya china kapena mankhwala ena. Chidasinthika ndi pansi pokha pamene ana ankakwawa ndi kudyera.

V. CHIMENE CHILI PANGOZI

Mu 2015 bungwe la WHO lidalengeza kuti chaka chilichonse anthu okwana ngati 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa iwo 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Chigawo cha Africa ndicho chidapezeka chosenza katundu wolemera koposa. Ku Malawi, kalembera wa zaumoyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 adali opinimbira. Zifukwa za kupinimbira n'zambiri, koma kutsegula m'mimba kobwerezabwereza ndi njoka zam'mimba zili pakati pa izo, pakuti mwana wodwala m'matumbo sapindula mokwanira ndi chakudya chimene wadya.

Anthu a m'chigwa cha Domasi adziwanso kolera. Mtsinje wa Domasi umathira m'nyanja ya Chilwa, kumene matendawa akhala akubuka kawirikawiri pakati pa asodzi okhala m'zimbowera. Ndipo mu 2016 katemera wakumwa adaperekedwa kwa anthu a m'mbali mwa nyanjayo m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Mliri wa kolera waukulu koposa m'mbiri ya Malawi udayamba ku Machinga m'mwezi wa Marichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana. Udafalikira maboma onse, nudwalitsa anthu pafupifupi 59,000, nupha oposa 1,700. Zoona, kolera imayenda makamaka ndi madzi akumwa ndi manja osasamba, osati ndi mbamu yogwa pansi yokha. Koma m'nyumba imene wodwala wasanziramo, kapena pabwalo pamene madzi osefukira adutsa atagumula zimbudzi, monga zidachitikira m'midzi yambiri ya kummwera nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023, chakudya chilichonse chokhudza pansi chiyenera kuyesedwa choipitsidwa.

Katemera alipo wa matenda ena. Wa rotavirus, woteteza makanda ku mtundu wina wa kutsegula m'mimba, adayamba kuperekedwa ku Malawi mu 2012, ndipo wa taifodi mu Meyi 2023. Koma katemera woteteza ku njoka zam'mimba kapena ku tizirombo ta m'zitosi za nkhuku kulibe. Pamenepo mlonda wa mwana ndiye kholo lake.

VI. MAWU A OTSUTSA

Sadzasowa mkulu wina woti, "Anthu akale adakula akudya zogwa pansi, ndipo sadafe." Mawuwa ayenera kuyankhidwa mwaulemu, pakuti mulinso choonadi. Nthawi zambiri munthu wamkulu wathanzi akadya chogwa pansi sadwala, chifukwa pamalopo padalibe tizirombo toopsa, kapena tidali tochepa, kapena asidi wa m'mimba mwake adatipha. Koma olankhula ndi amene adapulumuka. Amene adapita ali makanda, ndi matenda amene ankangotchedwa "m'mimba" kapena "liwombo", sangathe kupereka umboni wawo. Ndiponso matenda ambiri otere saonekera tsiku lomwelo. Ena amatenga masiku 2 kapena 5, taifodi sabata imodzi kapena 2, njoka miyezi. Pofika nthawi imeneyo palibe akumbukira za chitumbuwa chija chidagwa pamsika, ndipo mlandu umagwera mano ongomera kapena mnansi wosalakwa.

Wina adzati, "Dothi limalimbitsa thupi la mwana." Nzoona kuti mwana sangakulire m'botolo, ndipo kusewera panja kumpindulitsa. Koma dothi la m'munda ndi zitosi za pakhonde ndi zinthu zosiyana. Palibe mwana amene adalimba chifukwa cha kamwazi kapena njoka.

Kotero chakudya chogwa pansi chifanana ndi kuwoloka mtsinje wa Domasi mvula itagwa kuphiri. Ambiri amawoloka bwino. Koma wowoloka sadziwa tsiku limene madzi adzamkokolola, ndipo munthu wanzeru saolotsa mwana pamenepo. Paja akulu adati, pakadafunda padajiwitsa.

VII. CHOTAYA NDI CHOPULUMUTSA

Komabe kungolamula kuti chilichonse chogwa pansi chitayidwe sikungathandize banja limene nkhokwe yake yatha mwezi wa Januwale. M'mwezi wa Marichi 2024 Boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 adali pangozi ya njala chifukwa cha ng'amba. Pa nthawi yotere nsomba imodzi n'chuma. Chifukwa chake mayi wanzeru ayenera kudziwa kusiyanitsa, ndipo zida zake ndi 3: madzi abwino, mpeni ndi moto.

1. Zaziwisi zimene zidzaphikidwe. Nyama, matemba, usipa, masamba, nyemba ndi mpunga zikagwa zisanaphikidwe, zitsukidwe ndi madzi abwino, ziphikidwe mpaka kupsa bwino. Kutentha kwa madigiri 70 kukalowa mkati monse mwa chakudya kumapha pafupifupi tizirombo tonse toopsa ndi mazira a njoka omwe.

2. Zokhala ndi khungu kapena makoko. Nthochi, mango, masuku, malalanje, mtedza wosaswa, chinangwa ndi dzira lowiritsa losasweka, zitsukidwe poyamba, kenaka zisendedwe ndi manja osamba. Bango lotoledwa pansi pa mtengo, ngati lang'ambika kapena lalumidwa ndi nyama, lisiyidwe.

3. Zowotcha. Chimanga, mbatata kapena nyama yowotcha ikagwa, ichotsedwe dothi, ibwezedwe pamakala mpaka mbali zonse zitatenthanso kwambiri.

4. Zonyowa ndi zofewa. Phala, ndiwo zophikaphika, mpunga wophika, vwende lodula, papaya ndi mango osendasenda, izi zikagwa padothi zatha. Zipatsidwe kwa nkhuku kapena nkhumba, kapena zitayidwe kudzala. Madzi akatayika sawoleka.

5. Nsima. Mbamu yogwa itayidwe. Mtanda wathunthu ukagwera pamphasa yoyera, munthu wamkulu wathanzi angadule ndi kutaya mbali yonse imene yakhudza, osanyinyirika. Koma ukagwera padothi pamene nkhuku zimayenda, usadyedwe.

6. Zosatsukika. Mandasi, zitumbuwa, buledi ndi zigumu sizitsukika, ndipo mafuta ake amagwira fumbi. Zikagwa pamsika, pasukulu kapena m'mbali mwa msewu, zisiyidwe. Wogulitsa wokhulupirika sabweza m'beseni chimene chagwa, pakuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

Pali malo ena pamene chilichonse chogwa chiyenera kutayidwa popanda kuganiza kawiri: pafupi ndi chimbudzi, m'khola, m'chipatala, m'nyumba muli wotsegula m'mimba, ndi pamene pathiridwa mankhwala a makoswe, a mbewu kapena feteleza, pakuti poizoni wotere moto sumuchotsa. Ndipo pali anthu ena amene sayenera kupatsidwa chogwa pansi konse, koma chitatsukidwa ndi kuphikidwanso: ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera, okalamba, ana onyentchera, ndi onse amene chitetezo cha thupi lawo chafooka ndi matenda monga HIV kapena chifuwa chachikulu.

Chenjezo lina ndi ili: chakudya chopulumutsidwa ndi moto chiphikidwe nthawi yomweyo, chidyedwe chikali chotentha. Tizirombo tina tikapatsidwa maola oswana, makamaka mumpunga wophika, timasiya ululu umene sutha ngakhale chakudyacho chitenthedwenso. Chifukwa chake bungwe la WHO, m'malangizo ake 5 a chakudya chabwino a mu 2001, lidati chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola 2.

VIII. KUSAMALA PAMENE ANA ADYERA

Popeza funso lalikulu ndi lakuti chakudya chagwera pati, ntchito yaikulu ili pa kusamala malowo. Banja lililonse, ngakhale losauka, lingathe kuchita izi:

Ana adyere pamphasa kapena pamkeka wosungidwira ntchito imeneyo, wokutumulidwa ndi kuyanikidwa padzuwa, pakuti dzuwa ndi kuuma zimachepetsa tizirombo. Pabwalo ndi m'khitchini pasesedwe chakudya chisanafike, zitosi ziwoledwe ndi kutayidwa kutali. Nkhuku zikhale ndi khola lawo, zisagone m'nyumba ya anthu kapena m'khitchini. Chimbudzi cha khanda chitayidwe m'chimbudzi msanga, pakuti n'choopsa monga cha wamkulu, ngakhale ambiri amachiyesa chopanda kanthu. Chimbudzi chikhale ndi chivundikiro, ndipo pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Mbale, zipande ndi mithiko zikhale pathandala, osati pansi. Supuni ya mwana ikagwa itsukidwe ndi sopo isanabwerere m'phala. Pansi pa nyumba pazilidwe kawirikawiri kuti pasakhale ming'alu ndi fumbi, ndipo dothi lozirira lisatengedwe pafupi ndi chimbudzi kapena khola. Banja limene lapeza ndalama pang'ono pogulitsa mpunga kapena nandolo liganizire za thumba la simenti la pakhonde kapena chipinda chodyera ana. Phindu lake laoneka kale m'nkhani ya ku Mexico. Ndipo alangizi a zaumoyo akabwera ndi mankhwala a njoka kusukulu kapena kusikelo, ana onse alandire.

Ntchito imeneyi si ya amayi okha. Kukumba chimbudzi, kumanga khola ndi thandala, ndi kugula simenti ndi udindo wa abambo. Ana okulirapo, amene amalera ang'ono awo makolo ali kumunda, aphunzitsidwe bwino, pakuti kawirikawiri dzanja lotola mbamu ndi lawo.

IX. MWANA AKADWALA

Ngakhale pa banja losamala mwana angatsegule m'mimba. Chimene chimapha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mwana apatsidwe madzi a Thanzi ORS pang'onopang'ono koma kawirikawiri, apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo alandire mapiritsi a zinki monga achipatala alangizira. Ngati paketi ya ORS palibe, makolo asakanize lita imodzi ya madzi owiritsa ndi masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere, ampatse ali pa ulendo wa kuchipatala. Maso akalowa, liwombo likalowa, mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akalefuka, akasanza chilichonse, m'chimbudzi mukaoneka magazi, kapena chimbudzi chikakhala ngati madzi otsukira mpunga, anyamulidwe nthawi yomweyo kunka kuchipatala cha Domasi, cha St Luke's ku Malosa, kapena china chilichonse chapafupi, ngakhale uli usiku. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

X. MAWU OTSIRIZA

Yankho la funso la phunziro lino tsono laoneka. Kufulumira kutola sikuyeretsa chakudya, ndipo kuuzira kumachotsa mchenga wokha. Chogwa pansi chimatsukidwa, chimasendedwa, chimabwerera pamoto, kapena chimatayidwa; njira yachisanu kulibe. Mkulu uja wa pakhonde, amene adatola mbamu ya mng'ono wake, adachita chifukwa cha chikondi ndi chifukwa adaphunzitsidwa kulemekeza chakudya. Zonse ziwirizi n'zabwino. Chomusowa n'chakuti wina amuuze kuti mbamu ija aiponyere nkhuku, amsambitse mwana m'manja, namtemere ina ya m'mbale.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi kuuzira ndi kupukuta chakudya chogwa pansi kumachotsa chiyani, ndipo kumasiya chiyani?
2. Chifukwa ninji vwende lidatola tizirombo tambiri kuposa masiwiti m'mayeso a 2016? Nanga ndi zakudya ziti za m'mudzi zofanana ndi vwende?
3. Kodi mazira a njoka zam'mimba amafika bwanji pabwalo, ndipo amakhalapo nthawi yotani?
4. Ndi anthu ati amene sayenera kupatsidwa chakudya chogwa pansi?
5. Pa zinthu zotchulidwa m'chigawo cha VIII, ndi ziti zimene banja lingachite sabata ino popanda kutulutsa ndalama?